CHITSIME CHA PANSI PA NYANJA CHIFUNA WOCHIKONZA

Anthu ambiri akamva za mafuta a pansi pa nyanja, maganizo awo athamangira ku tsiku lakukumba ndi ku ndalama zimene Boma lidzalandira. Ndi owerengeka okha amene afunsa kuti chitsimecho chikadzadwala adzachichiza ndani, ndiponso ndi zipangizo zotani. Komatu funso lalikulu ndi limeneli, pakuti kukumba kutha m'miyezi yochepa, pamene chitsime chikhala zaka 20 kapena 30. Walira mvula walira matope. Mphunzitsi aliyense wa kumudzi adziwa mjigo umene unatsegulidwa ndi magule ndi nthungululu, koma lero ana angoseweretsa chogwirira chake chifukwa palibe anaganizapo za wokonza.

Chitsime cha mafuta chidwala matenda ambiri. Mchenga ulowamo, mchere uuma m'kati mwa paipi monga uchitira m'ketulo, ndipo madzi a pansi pa nthaka ayamba kutuluka m'malo mwa mafuta. Ngati mutu wa chitsime uli pa nsanja yoima pamwamba pa madzi, amisiri angopitapo ndi miyendo, natsitsa zida zawo pa waya, ntchito nkutha. Koma ngati mutuwo uli pansi penipeni pa nyanja, kale kunalibe njira ina koma kuitana chinsanja chokumbira, ndi kulumikiza chipaipi chachikulu kuchokera pansi kufika pamwamba. Kubwereka chinsanja chotere kudya madola zikwi mazana angapo pa tsiku limodzi. Tsono eni chitsime akawerengetsa aona kuti nkwabwino kungochisiya. Ndicho chifukwa chake zitsime za pansi pa madzi zakhala zikusiya mafuta ambiri m'nthaka koposa zitsime za pa nsanja.

Njira yopepuka inayesedwa ku North Sea. M'chaka cha 1987 chombo chotchedwa Seawell, chomangidwa ku Sunderland, chinayamba kukonza zitsime popanda chipaipi chija. Chombo chotere sichiponya nangula ai. Chiima pamalo amodzi ndi mphamvu ya mainjini ake, amene kompyuta iwalamula molingana ndi mphepo ndi mafunde. Pakati pa chombo pali chiboo, ndipo kupyolera m'menemo amisiri atsitsa mulu wa mavalavu nauika pa mutu wa chitsime. Pamwamba pa muluwo paikidwa paipi yaitali yosungiramo zida, ngati chipinda cha zitseko ziwiri: chitseko cha kumwamba chitsekedwa, cha kunsi nkutsegulidwa, ndipo zida zitsikira m'chitsime mafuta osapeza pothawira. Waya wonyamula zidazo angodutsa m'madzi poyera, ndipo polowera pake pamatidwa ndi girizi wopopedwa mwamphamvu. Maso ndi manja a amisiri pansipo ndi makina osambira okhala ndi makamera, oyendetsedwa ndi munthu ali pa mpando m'chombo. Namondwe akauka, mavalavu adula wayayo ndi kutseka chitsime, chombo nkuchoka.

Ndi zida zimenezi atha kupima kumene madzi alowera, kupala mchere, kuboola malo atsopano otulukira mafuta, ndi kutseka mbali imene yafa. Ntchito imene chinsanja chikadathera milungu, chombo chiitha msanga, nichipita ku chitsime china.

Dziko limene linagwira nkhaniyi ndi manja awiri ndi Norway, ndipo chifukwa chake nchosabisika. Mafuta a ku Ekofisk atapezeka mu 1969, Boma la kumeneko linakhazikitsa kampani yake ya Statoil mu 1972, imene kuyambira 2018 itchedwa Equinor. Boma lili ndi magawo 67 pa 100 a kampaniyo, ndiponso litenga msonkho wa magawo 78 pa 100 pa phindu la mafuta. Kotero dontho lililonse lotsala m'nthaka ndi ndalama yochotsedwa ku chipatala ndi ku sukulu. M'zaka za m'ma 2000 Statoil inabwereka zombo monga Island Frontier ndi Island Wellserver pa mapangano a zaka zambiri, kuti wokonza akhale ali pafupi nthawi zonse. Apa mpamene paoneka nzeru ya Boma loyang'ana patali.

Koma asanyengedwe munthu kuti chida chopepuka chichita zonse. Waya sangazule paipi yoola, sangakumbe chitsime china, ndipo sangagwire chitsime cholusa. Pa 20 April 2010 chitsime cha Macondo ku Gulf of Mexico chinaphulika, anthu 11 nafa, ndipo mafuta anatayika masiku 87 m'madzi akuya mamita pafupifupi 1,500. Chinatsekedwa ndi chivundikiro cholemera kwambiri, ndi zinsanja zokumba zitsime zina m'mbali, pamodzi ndi zombo zosawerengeka zimene zinathamangira kumeneko chifukwa njira ya pa madzi inali yotseguka.

Pamenepa ndi pamene nkhaniyi ikhudza Malawi. Ku Mozambique, gasi wa ku Coral Sul anayamba kutumizidwa kunja mu 2022 kuchokera m'zitsime 6 za m'madzi akuya mamita pafupifupi 2,000, ndipo chombo chilichonse chitha kufikako kudzera pa nyanja yamchere. Nyanja ya Malawi njosiyana. Kuya kwake kufika mamita pafupifupi 700, ndipo potulukira pake mpamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene uli ndi mathithi osalola chombo kukwera. Ilala inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland, nilumikizidwa ku Monkey Bay isanayambe ulendo wake mu 1951. Akatswiri a sayansi atafuna kuboola matope a pansi pa nyanjayi mu 2005, anachita kumangirira makina awo pa chombo cha Viphya, chimene chinali kale pa madziwo. Chilichonse chodzagwira ntchito pamenepo chidzabwera pa galimoto kapena pa njanji.

Mu 2011 Boma linapatsa kampani ya Surestream Petroleum chilolezo chofufuza mafuta pa nyanjayi, koma kufikira lero palibe chitsime cha mafuta chimene chakumbidwa pansi pake. Ena aona kumeneku ngati kuchedwa; kunena zoona ndi mpata wokonzekera. Akuluakulu a Boma olemba mapangano achite bwino kulembamo kuti kampani iliyonse ionetse zida zokonzera chitsime zotha kupasulidwa ndi kunyamulidwa pamtunda, chivundikiro chotsekera ngozi chosungidwa m'mphepete mwa nyanja, amisiri a dziko lino ophunzitsidwa kugwiritsa ntchito zidazo, ndiponso ndalama zosungidwa padera zodzatsekera chitsime ndi simenti mafuta akadzatha.