Mkangano wa Magombe Awiri ku South Africa

Anthu a ku South Africa ali ndi mkangano umene sukutha. A ku Durban amati gombe lao la kum'mawa ndilo liri ndi nsomba zabwino zowedza mwa masewera, pamene a ku Cape Town amati iai, nsomba zeni-zeni ziri kwao. Owerenga adziwe kuti kuwedza kumeneku si kofuna ndiwo ai. Munthu amalipira bwato la injini, nalimbana ndi cinsomba cimodzi kwa maola angapo, najambulitsa naco cithunzi. Ena amacibwezera m'madzi camoyo.

Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, pakuti madzi ao ngosiyana. Kum'mawa kumayenda madzi ofunda a Agulhas ocokera kumpoto. M'menemo muli mitundu yambiri ya nsomba, ndipo ku Sodwana Bay kumagwidwa marlin, nsomba ya mlomo wonga mkondo, imene ikakhwima imalemera ngati ng'ombe. Kumadzulo madzi a Benguela ngozizira. Mphepo imavundula madzi a pansi, nabwera pamwamba ndi cakudya ca tinsomba. Mitundu njocepa, koma kuculuka kwake nkodabwitsa, makamaka snoek imene mabanja osauka a ku Cape akhala akudya kuyambira kale. Ine ndikafunsidwa ndinganene kuti wofuna masewera apite kum'mawa, koma mphika umadzala kumadzulo.

Cimene cimandidetsa nkhawa ndi ici: pamene iwo anali kukangana, nsomba zinali kutha ku magombe onse awiri. Nsomba yochedwa seventy-four, imene kale inali yosasowa m'mabwato a ku Natal, inacepa kwambiri kotero kuti m'caka ca 1998 Boma linaletseratu kuigwira. Mu Disembala 2000 nduna Valli Moosa inalengeza kuti nsomba zowedzedwa ndi mbedza ziri pa ngozi, ndipo mabwato a malonda anacepetsedwa kwambiri. Ife kuno tiridziwa bvutoli, cifukwa nafenso pa nyanja ndi mitsinje yambiri timapacika maukonde kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane.

Nanga msodzi wamba, amene mbedza yake ndiyo khasu lake, ali pati pa mkanganowu? Pamene Boma la kumeneko linagawa ziphaso za usodzi za zaka zambiri mu 2005, asodzi ang'ono-ang'ono ambiri anatsala panja, cikhalireco wowedza mwa masewera anali kungogula ciphaso cake ku positi ofesi. Anacita kupita kukhoti, ndipo mu 2007 khoti linalamula kuti nawonso aganiziridwe. Ndondomeko yowateteza inadzatuluka mu 2012, patapita zaka zina zisanu. Zaka zonsezo mabanja ao ankadya ciani? Funso limeneli ndilo a Durban ndi a Cape Town ayenera kuyamba ayankha asanatiuze kuti cinsomba cacikulu cinagwidwa kwa yani.