Chithokomiro cha wodwala shuga si nkhani ya mchere wokha

Pali mawu amene afala m'makomo, pamizere ya kuchipatala, ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira: akuti matenda a chithokomiro amabwera chifukwa chosowa ayodini basi, ndiye munthu amene amadya mchere wa ayodini, khosi lake n'kukhala losatupa, alibe chifukwa choyezetsa. Mawuwa sanachokere pachabe. Kusowa kwa ayodini kunatupitsa makosi a anthu ambiri, makamaka m'madera a kumapiri, ndipo lamulo lothira ayodini mu mchere, limene dziko la Malawi linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1990, lateteza ana ochuluka pa mtengo wochepa. Koma pali anthu amene mawuwa akuwasocheretsa, ndipo ndi anthu amene asenza kale katundu wolemera: odwala shuga wa mtundu woyamba, amene moyo wawo uli pa jakisoni wa insulini tsiku lililonse. Kwa iwowa chithokomiro chimadwala kawirikawiri chifukwa cha chibadwa chomwe chija chinawononga kapamba, ndipo mchere sungaletse zimenezo.

Shuga wa mtundu umenewu amayamba pamene chitetezo cha m'thupi chatembenukira mwini wake n'kupha maselo a m'kapamba opanga insulini. Matenda awiri akuluakulu a chithokomiro amayambanso chimodzimodzi. Oyamba anawafotokoza dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, mu 1912: asilikali a m'thupi amadzazana m'chithokomiro n'kumachiwononga pang'onopang'ono mpaka chilephere kupanga mahomoni okwanira. Achiwiri amadziwika ndi dzina la Robert Graves wa ku Dublin, amene analemba za iwo mu 1835, ndipo apa chithokomiro chimakakamizidwa kugwira ntchito mopyola muyeso. Mu 1956, Deborah Doniach ndi Ivan Roitt ku London anapeza m'magazi a odwala matenda a Hashimoto ma antibody olimbana ndi chithokomiro cha eni ake. Mu 1974 Doniach yemweyo, pamodzi ndi Gian Franco Bottazzo, anapeza ma antibody olimbana ndi maselo a m'kapamba, ndipo anawapeza mwa odwala shuga amene analinso ndi matenda ena a chitetezo choukira mwini wake. Kunena kwina, akatswiri anatulukira gwero la shuga ameneyu chifukwa chotsatira ubale wake ndi matenda anzake amenewa.

Ziwerengero zikuvomereza. Bungwe la American Diabetes Association limanena kuti pa anthu 100 alionse odwala shuga wa mtundu woyamba, 17 mpaka 30 amakhalanso ndi matenda a chithokomiro a mtundu umenewu, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amakhala ali kale ndi ma antibody a chithokomiro panthawi imene akupezeka ndi shuga. Palibe matenda ena a chitetezo cha m'thupi amene amatsagana ndi shuga ameneyu kuposa awa. Tikumbukire kuti ku America mchere wa ayodini unayamba kugulitsidwa mu 1924, ndipo kulikonse kumene ayodini ali wokwanira, matenda a Hashimoto ndi amene amafooketsa chithokomiro kuposa chifukwa china chilichonse. Mchere ukanakhala yankho lonse, vutoli likanatha kalekale kumeneko.

Chimene chimagwirizanitsa matendawa ndi majini amene amalamulira chitetezo cha m'thupi. Akuluakulu mwa iwo ndi gulu la HLA pa kromozomu 6, limene ntchito yake ndi kusonyeza asilikali a m'thupi kuti mdani ndi uyu, wakwathu ndi uyu. Pafupifupi theka la chiopsezo cha shuga wa mtundu woyamba chimene chimayenda m'banja chimachokera pamenepa, ndipo mtundu wa HLA wotchedwa DR3 umapezeka kawirikawiri mwa odwala shuga ameneyu komanso mwa odwala matenda a Graves. Palinso majini amene ntchito yawo ndi kubweza chitetezo chikafuna kupyola malire. Limodzi ndi CTLA4 pa kromozomu 2, ndipo lina ndi PTPN22 pa kromozomu 1, limene mu 2004 linapezeka kuti kusintha kwake pang'ono kumawonjezera chiopsezo cha shuga, kenako cha chithokomiro. Umboni wina wamphamvu ukuchokera ku mankhwala a khansa. Madokotala akapereka mankhwala omasula dala zomangira zotere kuti thupi limenyane ndi chotupa, odwala ambiri amadwala chithokomiro, ndipo ochepa amayamba shuga wofuna insulini. Galu wa pakhomo akaduka chingwe n'kuluma mwana mmodzi wa m'nyumba, kholo lanzeru silinena kuti ana enawo ali pabwino.

Wina anena kuti chibadwa si chigamulo, ndipo akunena zoona. Odwala shuga ambiri sadzadwala chithokomiro moyo wawo wonse. Ngakhale mapasa a dzira limodzi, amene majini awo ndi ofanana, sikuti mmodzi akadwala winayo adwalanso. Kafukufuku wa mapasa ku Denmark anasonyeza kuti chibadwa chimanyamula pafupifupi magawo 79 pa 100 a chiopsezo cha matenda a Graves, kusiya gawo lina ku zinthu monga kusuta fodya, kuchembeza ndi kuchuluka kwa ayodini m'zakudya. Komatu mfundo imeneyi ikulimbikitsa kuyezetsa. Chikanakhala chigamulo, aliyense akanangopatsidwa mankhwala. Popeza ndi chiopsezo chokwera chimene chimagwera ena n'kusiya ena, njira yokha yodziwira amene chamugwera ndi kuyeza magazi mobwerezabwereza. Nkhani ya ayodiniyo ikufunanso chenjezo: kafukufuku wa ku China wofalitsidwa mu 2006 anapeza kuti ayodini wopyola muyeso amawonjezera matenda a chithokomiro a chitetezo choukira mwini wake. Mchere wa ayodini tisausiye, koma amene akugula mapiritsi owonjezera a ayodini poganiza kuti akuteteza mwana wodwala shuga akhoza kumuika pangozi.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi chakuti kafukufuku wambiri wa majiniwa anachitika pa anthu a ku Ulaya. Zimenezi n'zoona, ndipo sitizichepetsa. Kusintha kwa PTPN22 kumene kwatchulidwa kuja kumapezeka kwambiri kumpoto kwa Ulaya, koma n'kosowa pakati pa anthu akuda a muno mu Africa. Mu 2025 kafukufuku wa ku Cameroon, Uganda ndi South Africa anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse a ana ndi achinyamata amene anauzidwa kuti ali ndi shuga wa mtundu woyamba analibe ma antibody olimbana ndi kapamba, kusonyeza kuti shuga wa ambiri kuno ali ndi gwero lina. Choncho ziwerengero za ku America sitingazikopere mmene zilili. Koma wachitatu uja alipo, shuga wake ndi wa chitetezo choukira mwini wake, ndipo namwino amene akumupatsa insulini sangamusiyanitse ndi anzake awiriwo pomuyang'ana nkhope. Kuyeza TSH, homoni imene imasonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, n'kosavuta kuyerekeza ndi kufufuza majini kapena ma antibody a kapamba. Kusowa kwa kafukufuku wathuwathu ndi chifukwa choyezera ana athu n'kulemba zimene tikupeza.

Nanga khosi? Apa ndi pamene mawu ofala aja amapweteka anthu kwambiri. Chithokomiro chikhoza kufooka kwa zaka khosi lili bwinobwino, ndipo zizindikiro zake zimabisala kumbuyo kwa shuga. Mwana wotopa, wozizidwa, wosakula msinkhu, wobwerera m'mbuyo kusukulu, amangonenedwa kuti ndi shuga yemweyo kapena ndi ulesi. Chithokomiro chofooka chimachititsanso kuti shuga azitsika mopyola muyeso, pamene chothamanga chimamukweza n'kuwondetsa munthu, mtima uli thithithi. Zikatero wodwala amadzudzulidwa kuti akuba zakudya zoletsedwa kapena akudumphitsa jakisoni, pamene cholakwa si chake. Kwa amayi nkhaniyi ndi yaikulu kuposa apa, chifukwa matenda a chithokomiro amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Mwana amene ali m'mimba amadalira mahomoni a chithokomiro cha mayi ake kuti ubongo wake ukule m'miyezi yoyamba, ndipo mayi wodwala shuga wa mtundu woyamba ali ndi chiopsezo chochuluka pafupifupi katatu cha kudwala chithokomiro m'chaka chimene wachira kumene.

Ena ati m'chipatala chimene nthawi zina mumasowa insulini ndi timapepala toyezera shuga, kulankhula za TSH ndi kulota. Insulini ndiyo yoyamba, palibe wotsutsa. Koma zimene akatswiri amalangiza si zambiri: kuyeza TSH wodwala akangopezeka ndi shuga, thupi likakhazikika, kenako kamodzi pa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiponso mwamsanga zizindikiro zikaoneka. Mankhwala a chithokomiro chofooka, levothyroxine, ndi piritsi limodzi patsiku, ndipo ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la World Health Organization. Insulini imene ikubayidwa mwa munthu amene chithokomiro chake chasokonekera siigwira bwino ntchito, ndiye kusayeza kumawononganso zochepa zomwe tili nazozo.

Tikupempha oyang'anira makiliniki a shuga kuti aike kuyeza chithokomiro pa ndondomeko ya wodwala aliyense wa mtundu woyamba, ndipo kumene makina kulibe, magazi azitumizidwa kuchipatala chachikulu. Inunso makolo, ndi inu amene mumadzibaya insulini, mukapita kukatenga mankhwala mwezi uno, mufunse adokotala kuti chithokomiro chinayezedwa liti. Muwauzenso ngati m'banja mwanu muli wina amene anadwalapo chithokomiro.