Dzuwa likakulowera pa Marondera

Ana anga, tsiku lina madzulo tikuwotha moto, mdzukulu wanga amene maso ake sachoka pa foni anandiwerengera nkhani ya kumaiko a azungu. Akuti eni makalavani, galimoto zija zokhala ndi bedi ndi mbaula m'kati momwemo, akudandaula kuti maboma ayamba kuwaletsa kuima pamalo aulere n'kugonapo. Ku Portugal, mu Januwale 2021, boma linaletsa kugona m'galimoto zotere paliponse pamene silinavomereze, ndipo anthu atalira kwambiri linafewetsa lamulolo chaka chomwecho n'kulola maola 48. Ku New Zealand lamulo la 2023 likuti wofuna kugona paulere akhale ndi chimbudzi chomangirira m'galimoto mwake, wolakwira alipe madola 400 a kumeneko. Mwanayo anaseka, amvekere, "Agogo, awa ndi mavuto a anthu okhuta." Ine sindinaseke naye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu obadwa dzana simudziwa kuti tauni yathu ino ya Marondera inayamba ngati malo ogona apaulendo. Mu 1890 azungu anamanga nyumba yopumulirapo pa msewu wa ngolo wochokera ku Salisbury kupita ku Umtali, pafupi ndi mudzi wa mfumu Marondera, iwo lilime litawakanika n'kumati Marandellas. Nyumbayo inawonongedwa pa nkhondo ya 1896, ndipo malowo anasamukira kumene kunadutsa njanji. Dzina la mfumu linabwerera mu 1982. Tsono musanaone sukulu ya Peterhouse, mashopu ndi nyumba za ku Dombotombo, pano panali pomasulira ng'ombe m'goli, kukoleza moto ndi kudikira kuti kuche.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, msonkho utawapana. Anadutsa ku Angonia, nawoloka Zambezi pa bwato chifukwa mlatho wa pa Tete unali usanamangidwe, nalowera cha ku Mutoko. Ankayenda m'gulu, wina kasupa ka madzi, wina kathumba ka ufa, wina nkhwangwa. Usiku ankagona mozungulira moto, mmodzi ali maso kuopa mikango. Akafika pamudzi sankalowa ngati mbuzi. Ankaima kunja n'kuodira, wamkulu wa gulu n'kupita kwa mfumu kukanena kumene achokera ndi kumene akupita. Chilankhulo chikasiyana, manja ankalankhula. Ankawapatsa pakhonde, m'khumbi kapena pansi pa nkhokwe, ndipo tambala woyamba akalira anali atasesa pamene anagona, atazima moto, atapita. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Bambo ankanena kuti paulendo wonsewo sanatulutsepo ngakhale kobiri kulipira malo ogona, ndipo sankanena modzitama ayi, ankanena ngati munthu wokumbukira ngongole.

Kenaka kunabwera Ulere. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anagwirizana za kayendedwe ka antchito, ndipo m'zaka zimenezo boma la kuno, la Southern Rhodesia, linaika malole onyamula anthu osalipiritsa, pamodzi ndi misasa ya m'njira mmene munthu ankalandira ufa ndi pogona. Dzina lake linali la chinenero chathu chomwe, Ulere, poti okwerawo tinali ife. Amene anabwera pambuyo pa bambo ankauyamikira, ndipo n'zoona kuti unapulumutsa ambiri ku njala ndi zilombo. Koma musanamizidwe. Sikuti boma linagwidwa chifundo. Fodya wa ku Marandellas, Macheke ndi Bromley ankafuna manja otchipa, ndipo malole aja ankapikisana ndi Wenela amene ankakokera anthu ku migodi ya ku Joni. Manja atachuluka, misasa ija inatsekedwa. Ine ndinaphunzirapo kuti malo aulere amene wakupatsa wamphamvu amakhalapo pokhapokha iye akadakufuna, pamene pakhonde la mayi wosauka wa ku Mutoko sipankafunsa ngati uli ndi mphamvu zolima.

Ife ana a matchona tinabadwira mu komboni, tinakulira mu komboni, n'kumayesa ndi kwathu. Chaka cha 2000 chinatitsegula m'maso. Mapulazi atayamba kulandidwa, mzungu anapita, nyumba ya komboni imene munthu wakhalamo zaka makumi atatu inasanduka ya mwini watsopano. Anzathu Achishona anali ndi kumudzi kothawira. Ife amene ankatitcha mabhurandaya tikanathawira kuti? Ku Ntcheu kumene sitinakuonepo? Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anabweza unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo. Amene anakamanga zisakasa m'tauni anakumana ndi Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa zisakasa, mu Meyi 2005, ndipo lipoti la mayi Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwira. Mvula ikakuona litsiro sikata. Ine ndi akazi anga tinagonapo masiku angapo m'mbali mwa msewu, katundu ali pa wilibala, m'nyengo yozizira, ndipo mukudziwa mmene Juni wa ku Marondera amalumira. Anatitola ndi mayi wina wamasiye amene sitinkamudziwa. Tsono mdzukulu wanga akati kugona panjira ndi nkhani ya okhuta, ndimangomuyang'ana.

Lamulo loletsa kugona panja silisankha galimoto. Mwini kalavani akaletsedwa amadandaula, kenaka amapita pamalo olipira, n'kusamba madzi otentha. Koma lamulo lomwelo likatsika pa msewu wa Harare kupita ku Mutare, pano pa Marondera, makilomita 72 okha kuchoka mumzinda waukulu, limapeza ena. Limapeza dalaivala wa thiraki yopita ku Beira amene maso alemera ndipo akuopa kugwera m'phompho. Limapeza mayi wa tomato wopita ku Mbare amene lole yamufera usiku. Limapeza mnyamata wosaka ganyu nthawi yothyola fodya, thumba lili paphewa. Muno muli lamulo la anthu oyendayenda opanda pokhala la 1960, limene dziko linalowa nalo mu ufulu. Kwathu ku Malawi lamulo lofanana nalo analitcha vakabu, ndipo linazunza anthu mpaka bambo wina wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, amene anamangidwa mu 2015 akupita ku Limbe mbandakucha, analimba mtima n'kukasuma. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo limene anamumangira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Disembala 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, la ku Arusha, linanenanso kuti malamulo otere amalanga munthu chifukwa cha umphawi wake.

Koma ndikanakhala wabodza ndikanati olamula okha ndiwo olakwa. Pitani m'mawa pamalo pamene mathiraki amaima usiku, mukaone. Mabotolo a mkodzo, mapepala, matewera, ndipo kuseri kwa mtengo uliwonse muli zimene sindingatchule pamaso pa apongozi. Moto wosiyidwa osazima mu Ogasiti kapena Seputembala umatentha msipu wa pulazi yonse. Waya amadulidwa, mbuzi imasowa. Ndi zomwezi zimene zinakwiyitsa anthu a ku New Zealand, si bedi la m'galimoto ayi koma chimbudzi. Ndipo munthu amene anaona kolera wa 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, sangaseke khansala woopa chimbudzi cha patchire pafupi ndi chitsime. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mmodzi akaipitsa, chikwangwani choletsa chimakhomeredwa tonse.

Choncho inu anyamata oyenda, a mathiraki, a maminibasi, a ganyu, mverani. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo, ndipo ine ndikuwonjeza kuti usasiyenso fungo. Dzuwa likakulowera pamalo a eni, odira kusanade, nena dzina lako ndi kumene ukupita. Yenda ndi kakhasu, kumba, kwirira. Moto uthire dothi. M'mawa tsanzika, ngakhale ulibe chopereka. Amene adzagone pamenepo sabata yamawa adzalandiridwa kapena kuthamangitsidwa chifukwa cha iwe.

Inunso amene munalandira minda, kaya ndinu Achishona kaya ndinu athu amene mwayi unakugwerani, sindikukuuzani kuti mutsegulire aliyense chitseko cha kuchipinda. Masiku ano akuba alipo, ndipo kufunsa chitupa si mwano. Koma shedi ya fodya imakhala yopanda kanthu miyezi ingati pachaka? Kupatsa n'kuika. Mwana wanu amene ali ku Johannesburg kapena ku Beitbridge usiku uno akugona pakhonde la munthu wina.

Kwa akuluakulu a khonsolo ndi a misewu ndilankhula mwaulemu, poti ndine nkhalamba yopanda mpando. Musanakhome chikwangwani choti pano sipogona, lozani pamene pali pogona. Ndalama zimene timalipira pa mageti a msewu zingamangitse chimbudzi cha dzenje, mjigo ndi nkhuti ya zinyalala pamalo amodzi kapena awiri pakati pa Bromley ndi Macheke, ndi mlonda wolembedwa kuchokera m'makomboni momwemu, mmene anyamata akungokhala. Mukatero, wogona patchire mwadala mumulipiritse, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuwomba m'manja. Koma kulipiritsa munthu chifukwa tulo tamugwira, pamene simunamupatse pogona, ndi kumuuza kuti ayendetse galimoto ali m'tulo.

Iwe mdzukulu wanga, mawa ukatenge mphasa ija ili kuseri kwa chitseko ukaiyanike padzuwa, ndipo bulangeti lofiira ulichape. Nyengo ya fodya yayandikira, anthu ayamba kudutsa.