Zigoli za Gabadinho ndi Maloto a Anyamata a m'Maesiteti

Yemwe adadutsako m'maesiteti a tiyi ku Thyolo madzulo akudziwa kuti bwalo lililonse lili ndi "Gaba" wake. Dzinali lidamera mizu pa 25 January 2022, pomwe Gabadinho Mhango adamwetsa Morocco chigoli chochokera kutali pa mpikisano wa AFCON ku Cameroon, ngakhale Flames idagonja 2-1. Anyamata ambiri othamangitsa chikulunga amaona ngati njira yothawira dengu la tiyi ndi yomweyo. Tsono tiyeni tiiwunike bwino njirayo.

Mhango adabadwa m'chaka cha 1992. Adatchukira ku Big Bullets, ndipo mu 2013 adapita ku Bloemfontein Celtic ya ku South Africa. Atadzera ku Golden Arrows, adalowa Bidvest Wits, komwe adapambana nawo ligi mu 2017. Pachimake padali ku Orlando Pirates: m'ligi ya 2019/20 adamwetsa zigoli 16, nagawana mphotho ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia.

Koma taonani mbali inayo. Atabwerako ku Cameroon ali ngwazi ya fuko lonse, ku Pirates adangokhalira benchi, mpaka adasamukira ku AmaZulu m'chaka chomwecho cha 2022. Mu 2023 adalowa Moroka Swallows, komwe mu December osewera adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro. Choopsa kwambiri n'chakuti matimu atatu omwe adawasewerera adagulitsa malo awo m'ligi: Wits mu 2020, Celtic mu 2021, Swallows mu 2024. Ku Joni timu ndi katundu wa mwini wake. Ikagulitsidwa, wosewera amadzuka m'mawa osadziwa kuti bwana wake ndani. Ngati izi zidagwera katswiri wodziwika mu Africa monse, nanga mnyamata wopita m'njira zachidule, wopanda kontirakiti, ziphaso kapena satifiketi ya Fomu 4?

Sitikunena kuti ana asiye mpira. Esau Kanyenda adachokera ku Dwasco, timu ya pa esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, nadzera ku Jomo Cosmos mpaka kukafika ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow m'dziko la Russia. Apa tikuphunzira kuti luso lilipo m'maesiteti. Chimene chidamutulutsa ndi timu yolongosoka, yosewera m'ligi yodziwika, komwe ofuna osewera amatha kumuona munthu. Eni maesiteti a ku Thyolo ali ndi malo, magalimoto ndi anthu zikwizikwi. Kusamalira timu yotere n'kochepa poyerekeza ndi thukuta lomwe makolo a anawa amakhetsa m'minda ya tiyi.

Kwa ife makolo, aphunzitsi ndi makatekisiti, udindo ndi woonekeratu. Womwetsa zigoli amatha mphamvu asanakwanitse zaka 40, ndipo bondo limodzi likhoza kudula ulendo wonse tsiku limodzi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwana akatiuza kuti akufuna kukhala Gaba, tisamuseke. Tipite tikamuonerere Loweruka, koma Lolemba timufunse za kope lake. Ndipo akabwera munthu wolonjeza kumutengera ku Joni, tiyambe taona pepala lomwe mwanayo akukasayina, tisanamupatse ya basi.