KUKONZA HABU YA KUMBUYO NDI MAFOLOKO PA NJINGA YA MOTO YAKALE

Mvula ikamalekeza, njinga za moto zambiri m'midzi mwathu zimayamba kulira kumbuyo. Madzi a m'madambo ndi m'mitsinje amalowa m'habu, natsuka girizi, nasiyamo mcenga. Sabata ino tikamba za Honda CG125, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1975. Anaipangira dala maiko a miseu yoipa kumene amakanika ali patali, ndipo njinga zambiri zocokera ku China zimene zinyamula anthu ku Chipata zinatengera injini yake. Motero mau awa athandiza eni ake a zonsezi.

Imikani njinga pa mwendo wake wapakati, gwirani gudumu la kumbuyo ndi manja awiri ndi kuligwedeza cam'mbali. Likagwedera, maberingi atha. Musazengereze, abale. Beringi ikaphwanyika paulendo, gudumu limagwira mwadzidzidzi, ndipo wodwala amene mupita naye kucipatala amagwa pamodzi ndi inu.

Masulani ndodo za buleki, cotsani kapini ka pa nati, ndi kusolola ekiselo. Yalani zitsulo zonse pa thumba loyera motsatana monga mwazicotsera. Pakati pa maberingi awiri pali kapaipi kacitsulo. Kakankhireni pambali, kenaka gogodani beringi kucokera tsidya linalo ndi citsulo cacitali. Kapaipika ambiri amakapeputsa, ena amakasiya pansi osakabwezera. Komatu popanda iko, pomanga nati maberingi atsopano amafinyika ndipo sakhalitsa konse. Beringi iliyonse ili ndi nambala pambali pake. Pitani nayo kusitolo kuti asakupatseni ina.

Poika zatsopano, yambani mwasiya gudumu padzuwa, pakuti habu ya aluminiyamu ikatentha imafutukuka pang'ono. Sanjikani beringi yakale pamwamba pa yatsopano ndi kugogoda pa mkombero wakunja wokha. Mukamenya pakati mwaipha isanayende n'komwe.

Gudumu likali pansi, onani mphira zimene zigwira sipuroketi. Zikatha, njinga imadzuma ponyamuka. Nsapato za buleki zikatsala pansi pa mamilimita 2, zisintheni. Fumbi la m'habu musaliuzire ndi pakamwa, cifukwa nsapato zakale zambiri zinali ndi asibesito amene amaononga mapapo. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Gogodaninso masipoko ndi sipanala: yomasuka silira bwino monga zinzake. Pobwezera gudumu, cheni izisewera masentimita awiri, ndipo mizere ya zokokera ilingane uku ndi uku. Kapini ikani katsopano, osati msomali.

Tsono mafoloko. Mukaona oilo akutsetsereka pa mwendo wa kutsogolo, masilu atha, ndipo oiloyo akafika pa buleki njinga siimanso bwino. Konzani mwendo umodzi coyamba, kuti winawo ukhale citsanzo mukasokonezeka. Masulani pang'ono citsekero ca pamwamba mwendo ukali pa njinga, ndipo pocicotsa cigwireni zolimba, popeza sipuling'i imacikankha. Khuthulani oilo wakale, tsukani zonse ndi palafini.

Paipi yonyezimira igubuduzeni pa galasi la zenera logonekedwa pa thebulo. Yokhota imaonekera pomwepo. Alipo amene amaiwamba pamoto ndi kuiwongola ndi nyundo. Ine sindivomereza, cifukwa citsulo cotere cimafooka ndipo cingathyoke m'dzenje lina lililonse. Dzimbiri locepa lisalazeni ndi sandipepa yosalala yonyowetsedwa ndi oilo. Koma likadya maenje akuya, silu yatsopano ing'ambika sabata yomweyo, ndipo ndalama zanu zapita.

Silu ilowe mbali ya kasipuling'i italoza pansi, kumene kuli oilo. Thiranimo oilo wa mafoloko, kapena wofiira uja wa ATF akasowa. Oilo wakuda wocoka mu injini ai. Muyeso wake uli m'buku la njingayo, ndipo miyendo yonse iwiri ilandire wofanana. Botolo la mwana lokhala ndi mizere limayesa bwino, malinga lisabwererenso kwa mwanayo.

Mukabwezera gudumu la kutsogolo, gwirani buleki ndi kutsindikiza cowongolera kangapo kuti miyendo ikhazikike yokha, ndipo pamenepo mangitsani mabauti onse. Valikaninso mphira zophimba mapaipi, pakuti fumbi la m'cilimwe layandikira.