Mankhwala atha, koma kodi kachirombo kafa?

Ambiri mwa ife tinakula tikumva kuti zilonda za m'mimba zimadza chifukwa cha maganizo, tsabola kapena kugona ndi njala. Koma mu 1982 madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, a Robin Warren ndi a Barry Marshall, anapeza kuti gwero la zilonda zambiri ndi kachirombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamabisala m'khoma la chifu. Anzawo atakayikira, a Marshall anamwa dala tizirombo timeneti mu 1984 nadwala. Mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel.

Kuno ku Britain, munthu akapezeka nako, GP amam'patsa mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole, pamodzi ndi ena awiri opha tizirombo, kawirikawiri amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, uja timam'dziwa kuti Flagyl. Amamwa masiku 7, pamene ku America ndi masiku 14. Nkhawa yathu ili pa zimene zimachitika paketi ikatha. Tikuona kuti abale athu akuopa chosaopsa, choopsa chenicheni n'kuchilekerera.

Choopsacho ndi ichi: kutha kwa ululu sikutanthauza kuti kachirombo kafa. Omeprazole amaziziritsa chilungulira kaya kachiromboko kalipo kaya palibe. Ndiponso mankhwala oyambawa amalephera mwa anthu ena, poti tizirombo tinayamba kupirira. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kachirombo kosamva clarithromycin pamndandanda wa tizirombo tofunika mankhwala atsopano. Ife nkhaniyi ikutikhudza koposa eni dziko. Ndani mwa ife sanamwepo Flagyl wogula popanda chikalata cha dokotala m'mimba mukangotsegula? Kachirombo kamene tinabwera nako kangakhale kuti kanauzolowera kale mankhwalawo. N'chifukwa chake tiyenera kumuuza dokotala poyera zonse zimene tinamwapo.

Kuyezetsanso n'kosavuta, koma kuli ndi nthawi yake. Padutse masabata osachepera 4 chimalizireni mankhwala opha tizirombo, ndi masabata 2 osamwa omeprazole kapena anzake, titagwirizana ndi dokotala. Tikafulumira, tizirombo totsala timakhala tochepa kwambiri moti sitioneka, ndipo munthu amauzidwa kuti wachira asanachire. Amayeza mpweya wopumira m'kachubu, kapena chimbudzi. Kuyeza magazi sikuthandiza pamenepa, pakuti chitetezo chimene thupi linapanga chimaonekabe kwa miyezi kapena zaka kachirombo katafa.

Tisayembekezere kalata. Madokotala a ku America amalangiza kuti aliyense ayezedwenso, koma mu NHS sachita kuitana aliyense; amaika mtima pa amene anali ndi chilonda kapena amene zizindikiro sizikutha. Maganizo athu ndi akuti munthu wobadwira kwathu apemphe yekha, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, makamaka ngati kholo kapena mbale wake anadwalapo khansa ya m'mimba. Kuyambira 1994 kachiromboka kali m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, ngakhale kuti ambiri amene ali nako sadzaidwala. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuonda popanda chifukwa kapena kuvutika kumeza si zodikira nazo masabata 4 ayi. Zimenezo n'zothamanga nazo.

Tsono za kupatsirana. Kumuikira mayi mbale ndi kapu yakeyake, kapena kumuletsa kuphika nawo pachinkhoswe, ndi nkhanza yopanda phindu. Kachiromboka anthu amakatenga makamaka ali ana, m'nyumba zothithikana ndi kumene madzi ndi zimbudzi sizili bwino, kudzera m'masanzi, chimbudzi ndi malovu. Ambiri amene akupezeka nako lero ku Leeds kapena ku Nottingham anakatenga ali aang'ono kwathu, ndipo kanangokhala chete zaka zonsezi. Munthu wamkulu amene wachira zenizeni sakatenganso kawirikawiri m'maiko ngati ano. Kakapezekanso patangopita miyezi yochepa, nthawi zambiri ndi komwe kaja, kanali kasanafe. Tisathamangire kuloza chala mwamuna kapena mkazi wathu.

Amene tiyenera kuwatchinjiriza ndi ana. Agogo akabwera kudzalera khanda, tiwapemphe mwaulemu kuti asamatafunire mwana chakudya kapena kulawa phala ndi supuni yomwe akum'dyetsera. Pamisonkhano ya bungwe lathu nsima tidyere limodzi monga kale, koma beseni limodzi losambamo m'manja anthu makumi awiri lichoke. Tizithirirana madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo. Ndipo ngati wina m'nyumba akudandaula m'mimba kwa nthawi yaitali, akayezetse payekha, osati kugawana naye mapiritsi otsala.