Mukafika ku Korea musathere mu Seoul, kwerani sitima mukadye ku Suwon

Mnzanga wina atabwerako ku maphunziro a miyezi itatu ku South Korea, anandipatsa foni kuti ndione zithunzi. Zinalipo mazanamazana. Koma nditaziyang'anitsitsa ndinapeza kuti zonse ndi za malo atatu okha: misewu ya masitolo ya Myeongdong, nsanja ya N Seoul Tower, ndi Gangnam. Ndinamufunsa kuti, "Nanga kunja kwa Seoul unafikako?" Iye anangoseka. "Kukatani aise? Zonse zili mu Seoul momwemo."

Pamenepa ndi pamene ndikutsutsana naye, ndipo ndikulemba izi chifukwa sali yekha. Achinyamata athu akupita ku Korea masiku ano, ena ndi maphunziro a KOICA kapena Global Korea Scholarship, ena ku misonkhano ya mpingo. Ambirife dzikoli tinalidziwira pa ma K-drama ndi pa TikTok. Tsono foni ili ndi khalidwe lake: imakuonetsa malo amene anthu ena ajambula kale, iwe n'kupita komweko, n'kujambula chithunzi chomwecho. Ulendo wa ku Korea si wa ndalama zamasewera, ndipo mwina mudzapitako kamodzi kokha m'moyo wanu. N'zomvetsa chisoni kubwerako mutangoona zimene munaziona kale muli chogona pa bedi kwanu.

Seoul yazunguliridwa ndi chigawo cha Gyeonggi. Kumeneko kumakhala anthu oposa 13 miliyoni, pamene mu Seoul mwenimwenimo muli anthu osakwana 10 miliyoni. Ambiri mwa anthu amene mumawaona atavala masuti m'maofesi a mu Seoul, madzulo amakwera sitima kubwerera ku Gyeonggi. Kumeneko ndi kumene amagula ndiwo, kumene ana awo amapita kusukulu, kumene amadya akalandira malipiro. Mukafuna kuona mmene Mkoreya amakhalira, mutsatireni kwawo.

Ine ndikupatsani malo amodzi oyambira: Suwon, likulu la chigawocho, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa Seoul. Sitima ya Line 1 imakufikitsani kumeneko pa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mumalipira ndi kakhadi komweko ka T-money kamene mumakwerera mabasi a mu Seoul. Ndi mzinda wa anthu oposa 1 miliyoni, ndipo likulu la Samsung Electronics lili komweko. Mwina foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi kwawo n'kumeneko.

Chinthu choyamba kuona ndi linga la Hwaseong, khoma la miyala ndi njerwa lotalika makilomita pafupifupi 5.7, lozungulira mzinda wakale. Mbiri yake ikuposa ma drama ambiri amene timathera mabandulo. Mu 1762 mfumu Yeongjo inalamula kuti mwana wake, kalonga Sado, atsekeredwe m'bokosi lalikulu losungiramo mpunga, ndipo anafera momwemo patatha masiku angapo. Mwana wa Sado anali wamng'ono pa nthawiyo. Atakula n'kukhala mfumu Jeongjo, anasamutsira manda a bambo ake pafupi ndi Suwon, kenako anamanga lingali kuyambira 1794 mpaka 1796. Katswiri wina dzina lake Jeong Yak-yong anakonza makina a zingwe ndi magudumu onyamulira miyala, ndipo amisiri ankalipidwa m'malo mogwira ntchito ya thangata. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti analemba zonse m'buku: mapulani, zipangizo, ngakhale malipiro a antchito. Lingali litaphwasuka pa nkhondo ya ku Korea, anthu a m'zaka za m'ma 1970 anatsegula buku lomwelo n'kumanganso motsatira zimene makolo awo analemba. Mu 1997 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Yendani pamwamba pa khomalo, musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbali ina muona nyumba zosanja zamakono, mbali ina tinyumba ta madenga akale, agogo akuwongola miyendo, ana a sukulu akuseka. Ku Yeonmudae mukhoza kulipira pang'ono n'kuyesa kuponya mivi ndi uta wachikoreya. Pakati pa mzinda wakalewo pali nyumba yachifumu ya Hwaseong Haenggung, kumene Jeongjo ankafikira akabwera kudzaona manda a bambo ake. Ndipo kwa inu okonda ma drama, timisewu ta Haenggung-dong pafupi pomwepo ndi tija munationa mu Extraordinary Attorney Woo ndi Lovely Runner. Chithunzi cha pa Instagram mupezanso, musadandaule.

Koma chifukwa chenicheni chimene ndikukutumizirani ku Suwon ndi msika. Mukatsikira ku chipata cha kummwera, Paldalmun, mupeza misika ingapo yolumikizana: Jidong, Yeongdong, Motgol ndi ina. Muno mulibe zoti mlendo azionetseredwa. Amayi akugulitsa nsomba zouma, tsabola wogaya m'mabeseni akuluakulu, kimchi wa mitundumitundu, zovala, mabulangete. Phokoso lake, kukankhana kwake, ndinangomva ngati ndili kwathu.

Ndinaima pa benchi ya agogo ena aakazi ogulitsa timikate ta mpunga totchedwa tteok. Iwo Chingerezi ayi, ine Chikoreya ayi. Ndinaloza ndi chala, iwo anandionetsa mtengo pa kakyuleta. Nditalipira, anatenga timikate tina tiwiri n'kuponya m'jumbo, n'kundigwedezera dzanja kuti ndizipita. Pambuyo pake ndinamva kuti Akoreya chizolowezi chimenechi amachitcha deom. Ife timati basela. Ndinayenda ulendo wautali chonchija kukapeza basela! Pitani mukamufunefune m'sitolo ya magalasi ku Gangnam, mudzandiuze ngati mwamupeza.

Za chakudya, Suwon imatchuka ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi galbi, nthiti za ng'ombe zowotcha pa makala patebulo panu pomwepo. N'zokoma, koma thumba limalira, choncho sonkheranani ndi anzanu. Chachiwiri ndi tongdak, nkhuku yokazinga m'ziwaya zazikulu zachitsulo. Pali msewu wathunthu wa malo ogulitsa nkhukuyi pafupi ndi misika ija, ndipo unatchuka kwambiri filimu ya Extreme Job itatuluka mu 2019. Mbale imodzi imakwanira anthu awiri kapena atatu. Mu msika wa Jidong muli chigawo chonse cha sundae. Chenjerani, dzinali lisakupusitseni, si ayisikilimu ayi. Ndi matumbo a nkhumba othiramo magazi ndi manudozi. Abale athu a Chisilamu ndi a Sabata, funsani kaye musanadye, chifukwa nkhumba imalowa m'zakudya zambiri kumeneko. Dziwaninso kuti timbale ta ndiwo zapambali, banchan, ndi taulere ndipo m'malo ambiri mukhoza kupempha kuti awonjezere. Tipi kulibe, mumalipira mtengo wolembedwawo basi.

Wina anena kuti, "Ine ndikufuna kugula zinthu zamakono, osati nsomba zouma." Chabwino, ku Suwon kulinso Starfield, chimolo chachikulu chimene chinatsegulidwa mu 2024, chokhala ndi mashelufu a mabuku ofika m'mwamba amene anthu amakonda kujambula. Sindikukuletsani. Ndikungopempha kuti ndalama yanu muigawe. Akoreya eniake nkhaniyi anaikangana kale: kuyambira mu 2012 lamulo limakakamiza masitolo akuluakulu ogulitsa zakudya kutseka masiku awiri pamwezi, cholinga chake kuteteza misika ya anthu wamba. Mpaka lero ena amati lamuloli silithandiza, ena amati lisachoke. Koma taganizani, dziko la Samsung ndi Hyundai likudera nkhawa benchi ya agogo ogulitsa timikate. Ndalama imene mwasiya pa benchi imeneyo imalowa m'nyumba ya munthu tsiku lomwelo.

Wina anenanso kuti kunja kwa Seoul chilankhulo chimavuta. Zoona, Chingerezi chimachepa. Koma si inu nomwe mumanyadira kuti foni mumaidziwa? Ikani Naver Map kapena KakaoMap, mapu amene eni dziko amagwiritsa ntchito. Ikani Papago, muzijambula mndandanda wa zakudya iye n'kumakumasulirani. Tengani ndalama zapamanja pang'ono chifukwa si benchi iliyonse imene imakonda khadi lakunja. Phunzirani mawu awiri, annyeonghaseyo popereka moni ndi gamsahamnida pothokoza. Zotsalazo chala ndi kumwetulira zimakwanitsa.

Suwon ikakukomerani, malo ena alipo. Ku Yongin kuli Korean Folk Village, mudzi woonetsa moyo wakale, komanso malo a masewera a Everland. Ku Paju kuli Imjingak, pafupi ndi malire a North Korea, kumene mumaona ndi maso anu chilonda cha dziko logawanika. Ku Wongok-dong mu mzinda wa Ansan kumakhala anthu ambiri obwera kudzagwira ntchito kuchokera kumayiko ena, ndipo zakudya zake ndi za mitundu yambirimbiri.

Tsiku limodzi lokha ndi limene ndikupempha pa ulendo wanu. Dzukani m'mawa, kwerani Line 1, yendani pa linga, idyani nkhuku ya m'chiwaya, gulani kanthu kwa agogo mumsika. Mnzanga uja akuti akufunsiranso mwayi wina wa maphunziro. Ndamuuza kale kuti akapita ulendo uno, asadzandionetse nsanja ija kachiwiri. Adzandiuze ngati basela anamupatsa.